Mabushi ouma gwa sindiwo abwino pa galimoto yodzipangira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi achinyamata komanso amisiri anzanga amene ayamba kudzipangira galimoto m'magalaja ndi kuseri kwa nyumba zawo pogwiritsa ntchito mapaipi, malata ndi zitsulo za galimoto zakale. Ntchito imeneyi ndimaiyamikira ndi mtima wonse, ndipo inenso ndaigwirako. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti anthu akazungulira galimoto yotere amakamba za injini, za penti ndi za liwiro, koma ukagwada n'kusuzumira kunsi umapeza kuti tizinthu timene tagwiriza mawilo ku chimango cha galimoto, chimene amakaniko amati chesisi, tinasankhidwa mosaganizira. Ndikunena mabushi, timphira tija timene timakhala pamene mkono wa wilo, sipuling'i kapena shoko zikumana ndi chesisi. Pakati pathu pafala chikhulupiriro chakuti bushi ikauma ngati mwala ndiye kuti ndi yabwino, chifukwa akuti siitha msanga. Ine ndikutsutsa maganizo amenewa, popeza ndinawatsatira ndekha ndipo akanativulaza ine ndi mphwanga amene ndinapanga naye galimoto.

Ntchito ya bushi imafanana ndi ya nkhata imene mayi amaika pamutu posenza mtsuko wa madzi. Nkhata ikafewetsa imaphwatalala, mtsuko umagwedezeka ndipo madzi amatayika. Ikaumitsa, kulemera konse kwa mtsuko kumabaya paliwombo ndipo khosi limayamba kuwawa asanafike pakhomo. Bushi nayonso ili ndi ntchito ziwiri zokokanakokana. Iyenera kugwira wilo kuti lisasunthe pamalo pake pokhota ndi pomanga mabuleki, komanso iyenera kulola mkono wa wilo kukwera ndi kutsika momasuka, uku ikumeza kugunda kwa msewu kuti kusafike konse pa chitsulo. Amene amangoyang'ana ntchito yoyamba ija n'kuiwala yachiwiri ndi amene amathamangira zouma.

Galimoto yathu ndi yaing'ono, ya anthu awiri, yopanda denga, ndipo tinatengera kapangidwe ka Lotus Seven, imene Colin Chapman anatulutsa ku Britain mu 1957 ndipo anthu a m'maiko ambiri akhala akuitsanzira m'magalaja awo. Chesisi tinachiwotcherera ndi mapaipi a ngodya zinayi a mamilimita 25 mbali iliyonse, okhuthala mamilimita 1.6, ndipo injini, giyabokosi ndi ekiselo ya kumbuyo tinachotsa ku Nissan 1400 yakale, kapikapu kaja kamene kanapangidwa ku South Africa mpaka mu 2008. Kutsogolo tinapanga mikono iwiriiwiri pa wilo lililonse, wapamwamba ndi wapansi. Kumbuyo tinachotsa masipuling'i aatali a kapikapuko n'kugwiriza ekiselo ndi timikono tinayi toloza kutsogolo, tiwiri mbali iliyonse, pamodzi ndi ndodo imodzi yopingasa yotchedwa Panhard, imene imaletsa ekiselo kupita kumanja kapena kumanzere. Malo onsewa anafuna mabushi 18, osawerengera a m'mashoko. Pofuna kuthana ndi nkhaniyi kamodzin'kamodzi, ndinagula ndodo ya nayiloni n'kukasemetsa onse 18 pa makina osemera zitsulo, ndipo ndinabwerako wokondwa kuti sindidzasinthanso bushi.

Tinkaiyesera m'misewu yafumbi ya m'munda wa achibale athu, poti inali isanalembetsedwe. Chiwongolero chinkamvera bwino kwambiri, ndipo zimenezi zinandilimbitsa mtima kuti ndinasankha bwino, ngakhale kuti kamwala kalikonse kankamveka m'msana. Patapita miyezi yochepa tinayamba kumva kugogoda kumbuyo, ndipo titaikweza pa jeke tinapeza kuti bulaketi imodzi, kachitsulo kogwiriza kamkono ku chesisi, yang'amba paipi ya chesisi m'mphepete mwenimweni mwa pamene tinawotcherera, ndipo ya mbali inayo inali itayambanso mng'alu. Mabushi onse anali bwinobwino ngati atsopano. Chimene chinadyeka ndi chesisi, ndipo bulaketi ija ikanathothoka galimoto ikuthamanga, ekiselo ikanapotoka n'kutiponyera kuthengo.

Chifukwa chake ndinachimvetsa nditachotsa masipuling'i n'kukweza wilo limodzi lokha la kumbuyo. Ekiselo yathunthu ikakwera mbali imodzi, inayo ili pansi, imapendekeka, ndipo timikono timene taigwira sitingokwera ndi kutsika ayi, timafunanso kupotoka pang'ono. Ndodo ya Panhard nayo poyenda imakokera ekiselo chammbali pang'ono. Mphira umavomera kupotoka kumeneko mosavuta, koma nayiloni imangodziwa kuzungulira pa bawuti basi, ndiye mphamvu imene bushi yakana imafunafuna pofooka, ndipo pa galimoto yodzipangira pofooka pamakhala pa paipi yopyapyala imene yatenthedwa powotcherera. Chitsulo chikamapindidwa uku ndi uku tsiku ndi tsiku chimatopa n'kuthyoka, monga mmene timadulira waya ndi manja. Kutsogolo vuto linadza m'nyengo ya dzinja, pamene mikono ya mawilo inayamba kukakamira moti galimoto ukaikanikiza pansi sinkabwerera bwino. Nayiloni imamwa madzi n'kufufuma, ndipo bushi imene inalowa bwino m'mwezi wa Okutobala inali itafinya chitsulo chake pofika Januwale.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kufunsa nambala pogula. Kuuma kwa mphira ndi pulasitiki kuli ndi muyeso wake wotchedwa Shore, potengera dzina la Albert Shore wa ku America amene anakonza kachipangizo koyezera m'zaka za m'ma 1920. Kachipangizoka, kamene amakatcha durometer, kali ndi kamsomali kokankhidwa ndi sipuling'i, ndipo kakalowa konse m'chinthu chimene ukuyeza muvi umaloza pa 0, kakalephera kulowa ngakhale pang'ono umaloza pa 100. Zinthu zofewa monga mphira amaziyeza pa sikelo ya A, pamene mapulasitiki ouma amawayeza pa sikelo ya D, imene kamsomali kake n'kosongoka ndipo sipuling'i yake ndi yamphamvu. Mphira wa tayala pamene limapondera msewu umakhala pakati pa 60A ndi 70A. Mabushi a mphira amene galimoto zambiri zimabwera nawo kuchokera ku fakitale amakhala chapakati pa 50A ndi 70A, a polyurethane (pulasitiki wofanana ndi mphira) ogulitsidwa padera amayambira cha pa 70A kufika 95A, pamene nayiloni imafika cha m'ma 80 koma pa sikelo ya D, kutanthauza kuti yatulukiratu m'gulu la zinthu zofewa. Munthu akangokuuzani kuti bushi yake ndi ya 80 osatchula chilembo, sanakuuzeni kanthu, chifukwa 80A mukhoza kuidinda pang'ono ndi chikhadabo, koma 80D ndi youma ngati chipewa cha omanga nyumba.

Manambalawa sakwera ngati masitepe ofanana, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizika. Kuchoka pa 60A kufika pa 80A kumaoneka ngati kusuntha pang'ono, koma mphamvu yofunika kuti ufinye chinthucho imakwera kuposa kawiri, ndipo kuchoka pa 80A kufika pa 95A imakweranso kangapo konse. Mtundu wa bushi nawonso usakupusitseni. Kampani ya Powerflex ya ku Britain imagwiritsa ntchito mtundu wa pepo pa mabushi ake a 80A a mumsewu wamba, ndipo wakuda pa a 95A amene amapangira galimoto za mpikisano, koma limenelo ndi dongosolo la kampani imeneyo yokha. Makampani ena amathira utoto wofiira, wabuluu kapena wachikasu mmene afunira, choncho mawu amene timamva m'misika akuti ofiira ndiwo olimba alibe maziko.

Ngakhale nambala itadziwika, payokha siikwanira. Mphira sufinyika ngati siponji. Ukaupanikiza mbali ina umatukumuka mbali ina, ndipo ukasowa kotukumukira umauma. N'chifukwa chake bushi ya khoma lopyapyala yopanikizidwa m'paipi imakhala youma kuposa ya khoma lochindikala ngakhale mphira wake uli umodzimodzi, ndipo n'chifukwa chakenso mabushi ena a fakitale amakhala ndi mipata yoboola dala, kuti afewe kutsogolo ndi kumbuyo koma aume chammbali. Ganiziraninso kulemera kwa galimoto yanu. Galimoto za mtundu wa Seven zimalemera makilogalamu 500 kapena 600, pamene Toyota Corolla imapitirira tani imodzi. Bushi imene inapangidwira galimoto yolemera ikaikidwa pa yopepuka imakhala kale youma mokwanira, popeza katundu woifinya wachepa ndi theka, ndiye kuwonjezeranso kuuma pamenepo n'kungodzichotsera kufewa kumene misewu yathu ya maenje ndi ya mizeremizere ngati malata imafuna. Malangizo ambiri amene achinyamata amawerenga pa intaneti amachokera kwa anthu oyendetsa pa mabwalo a mpikisano osalala ngati tebulo, ndipo n'ngoona kumeneko, koma sanalembedwere msewu wopita kumudzi kwathu.

Ine tsopano ndimayambira pa mphira, ndipo ndimauchoka pokhapokha pakhale chifukwa chomveka. Mphira wachilengedwe, wochokera ku utomoni wa mitengo yonga ija ya ku esiteti ya Vizara ku Nkhata Bay, umaposa zinthu zambiri pa kupindika kambirimbiri osang'ambika. Bushi ya mphira ya fakitale imakhala yomatidwa ku kapaipi ka m'kati, ndipo kawirikawiri ku chitsulo cha kunja komwe, moti palibe chimene chimakhulana; mkono ukakwera mphira ndiwo umapotoka, kenako umabwerera. Pa chifukwa chimenechi siifuna girisi, siilira, ndipo fumbi silipeza polowa. Koma ili ndi lamulo limodzi limene amisiri ambiri amaliphwanya: bawuti yake imamangidwa komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi mawilo ake ndiponso itasenza kulemera kwake kwa masiku onse. Mukaimanga mawilo ali lendelende m'mwamba, galimoto ikatsika mphira umakhala wopotoka usana ndi usiku, ndipo bushi imene ikanatha zaka imang'ambika m'miyezi yochepa, kenako timanena kuti tagula zachinyengo. Adani ena a mphira ndi oyilo, dizilo ndi dzuwa, choncho injini yodontha ikonzedwe bushi yatsopano isanalowe.

Polyurethane, imene Otto Bayer ndi anzake anatulukira ku Germany mu 1937, ili ndi malo ake ndipo sindikuinyoza. Siopa oyilo ngati mphira, imagwira wilo molimba, ndipo imalowa ndi manja kapena ndi vaisi popanda makina opanikizira. Chofunika kudziwa n'chakuti kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana kotheratu ndi ka mphira, chifukwa iyo siipotoka koma imazungulira pa kapaipi ka chitsulo kamene bawuti imadutsamo. Kapaipi kameneka kayenera kukhala kosalala, makamaka ka chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo katalikeko pang'ono kuposa bushi italowa m'malo mwake, mosapitirira theka la milimita, kuti bawuti ikamangidwa ifinye kapaipiko pakati pa makutu a bulaketi m'malo mofinya bushi. Kakafupika, mkono umakakamira. Kakatalikitsa, mkono umasewera n'kumagogoda. Ndaonapo galimoto zina zimene bushi inangovekedwa pa bawuti popanda kapaipi n'komwe, ndipo mazinga a bawuti anali ataidya ngati tupa. Pakani girisi wa silicone, ndipo konzekerani kumasula ndi kupakanso, chifukwa fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi girisi limasanduka phala lopala chitsulo.

Pali zinthu zina ziwiri zokhudza polyurethane zimene ndikufuna owerenga azisunge. Choyamba, siikhululukira mmisiri amene wawotcherera mokhota. Mabulaketi awiri a mkono umodzi ayenera kukhala pa mzere umodzi ndendende, ndipo njira yake ndi kulowetsa ndodo yowongoka m'mabowo onse awiri pamene mukuwotcherera, kenako n'kupala m'kati mwa paipi ya bushi itazizira, popeza moto umaipinda ndipo mapaipi ambiri a m'masitolo ali ndi msoko m'kati. Chachiwiri, mitundu ina ya polyurethane imaonongeka ndi chinyezi chophatikizana ndi kutentha. Amene anagulapo nsapato ya pa kaunjika yooneka yatsopano, soli yake n'kufumbutuka patangopita masiku ochepa, anaona kale matenda amenewa. Mtundu wa polyether umapirira chinyezi kuposa wa polyester, ndipo kwa okhala m'mphepete mwa nyanja kapena ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, funso limeneli n'lofunika kufunsa wogulitsa. Musaiikenso pafupi ndi paipi ya utsi, chifukwa ikatenthedwa imafewa.

Mapulasitiki ouma sindiwaletseratu. Acetal, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Delrin, komanso Vesconite yopangidwa ku South Africa, sizifufuma ndi madzi ngati nayiloni, ndipo zingagwire ntchito pa mkono umene umangozungulira njira imodzi, malinga mabulaketi akhale owongoka ndiponso chesisi chilimbitsidwe pamalopo. Timfundo tachitsulo tozungulira mbali zonse, timene amati rose joint, timathetsa vuto la kukakamira, koma pa fumbi lathu timadyeka msanga ndipo kugunda konse kumapita ku chesisi.

Sindingamalize nkhani ya zipangizo osatchula mabushi odula ku matayala akale, amene amisiri a ku Mchesi, ku Biwi, ku Ndirande ndi m'misika ina amasema ndi mpeni ndi kapaipi konola. Luso limeneli lapulumutsa galimoto zambiri m'dziko muno pa nthawi imene ndalama kapena sipeya zasowa, ndipo kunena zoona kuuma kwa mphira wa tayala sikuli kutali ndi kwa bushi ya fakitale. Vuto lili pa kapangidwe. Bowo lobooledwa ndi dzanja silikhala pakati penipeni, mabushi awiri safanana kukula, m'tayala muli ulusi ndi mawaya zimene zimachititsa mbali ina kuuma kuposa inzake, ndipo mphirawo sumatidwa ku chitsulo, choncho umakhulana nacho n'kumadyeka. Pa timphira ta pamwamba pa shoko kapena topachikira paipi ya utsi ndimawavomera. Pa mkono umene wagwira wilo la kutsogolo sindingawaike, chifukwa kusiyana kwa mamilimita awiri pamenepo kumapotoza wilo, tayala limadyeka mbali imodzi, ndipo galimoto imakokera kumbali pomanga mabuleki.

Galimoto yathu titaikonza, mabulaketi a kumbuyo tinawapanganso ndi chitsulo cha mamilimita 3 n'kuwakhazika pa mphambano za mapaipi, pamene pali mphamvu, m'malo mwa pakati pa paipi. Timikono tinayi tija ndi ndodo ya Panhard tinaikamo mabushi a mphira a fakitale, ndipo tinayamba tagula mabushiwo kenako n'kusema mapaipi molingana nawo, titasankha a galimoto imene sipeya zake zimapezeka m'tauni iliyonse. Ambiri amachita mosemphanitsa, amawotcherera mkono kaye kenako n'kumayendayenda kufuna bushi yoti ilowemo, ndipo akaisowa ndi pamene amagwera ku nayiloni. Kutsogolo, kumene mikono imangokwera ndi kutsika pa mzere umodzi, tinaika polyurethane ya 80A, ndipo ya 95A tinaikana chifukwa galimotoyo ndi yopepuka. Mabawuti onse ndi a giredi 8.8, nambala imene imadindidwa pamutu pa bawuti, okhala ndi manati odzitsekera, ndipo mbali yosalala ya bawuti ndiyo imadutsa m'bushi. Tisanabwezeretse masipuling'i ndi mashoko tinayesa mkono uliwonse mabawuti atamangidwa kotheratu, ndipo wa polyurethane umayenera kuyenda ndi dzanja limodzi popanda kugwiragwira ndiponso popanda kusewera. Ekiselo ya kumbuyo tinaikweza mbali iyi kenako mbali iyo mpaka pothera, tikuyang'ana ngati chesisi chayamba kunyamuka ulendo wa ekiselo usanathe, pakuti chimenecho ndicho chizindikiro chakuti penapake pakukakamira.

Ndili ndi pempho kwa amene angathandize. Sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe, Soche, Nasawa ndi Mzuzu Technical College, pamodzi ndi bungwe la TEVETA, zingachite bwino kukhala ndi durometer m'mashopu ophunzitsira umakaniko, popeza ndi kachipangizo kokwana m'thumba la malaya, ndipo ophunzira atayeza okha tayala, bushi ya fakitale ndi chidutswa cha nayiloni sangaiwale kusiyana kwake. Pongofunika kuti choyezedwacho chikhale chochindikala mamilimita 6 kapena kuposa kuti nambala ituluke yoona. Ogulitsa sipeya nawo aziitanitsa mabushi olembedwa kuuma kwake ndipo azitiuza nambala ndi chilembo chomwe. Kwa amene mukupanga galimoto, musanapite nayo ku ofesi ya Road Traffic kukalembetsa ndi kukayezetsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, tsukani mabulaketi onse, palani penti m'mphepete mwa zowotcherera, ndipo muyang'ane ndi tochi ngati pali mng'alu woonda ngati tsitsi kapena kamzere ka dzimbiri kofiira. Ife timachita zimenezi mwezi uliwonse komanso tikangobwera ku msewu woipa, ndipo mvula ikadzatha chaka chino tidzamasula mikono ya kutsogolo kuti tione mmene girisi ndi timapaipi tija zapiririra matope.

Ine wowerenga wanu,
Makaniko wopuma pa ntchito,
Lilongwe.